Wosuta akasiya fodya, thumba la boma silibooka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhe maganizo amene ndawamva kangapo muno mu Lusaka, ndipo posachedwapa ndawamvanso kwa bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pa mpando umodzi m'basi yochokera ku Matero. Iwo amati anthu osuta ndiwo amagulira boma mankhwala a m'zipatala kudzera mu msonkho wa fodya, choncho onse atati asiye kusuta, Unduna wa Zaumoyo ungasowe pogwira. Sankanena moseka, ndipo ena m'basimo anagwedeza mitu movomereza.

Pali choona pang'ono m'mawu amenewa. Ndudu iliyonse yopangidwa ku fakitale kapena yolowa m'dziko mwalamulo imalipira msonkho wapadera kuwonjezera pa VAT, ndipo bungwe la Zambia Revenue Authority limatolera ndalamazo. Koma ndalama zimenezi sizilembedwa kuti n'za chipatala. Zimathiridwa m'thumba limodzi la boma momwe mumachoka malipiro a aphunzitsi, ndalama zokonzera misewu ndi zobwezera ngongole za dziko. Zipatala zathu zimadalira gawo limene zapatsidwa mu bajeti, thandizo la mabungwe akunja, ndiponso NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, yomwe imadula 1 peresenti pa malipiro a wantchito ndi 1 peresenti ina kwa womulemba ntchito, kaya munthuyo amasuta kaya ayi.

Bambo aja sanaganizirenso kumene ndalama ya munthu wosiya kusuta imapita. Pafupi ndi kwathu pali kantemba kamene kamagulitsa mishanga umodziumodzi, choyatsira moto chili chomangidwa ndi chingwe pa msomali kuti wina asachoke nacho. Kuli mnyamata wina wowotcherera zitsulo amene ankaima pamenepo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Chisiyireni kusuta chaka chatha, amabwerabe pa kantemba komweko, koma tsopano amagula sopo, batire ndi mayunitsi a foni. Ndalama yake sanaikwirire pansi. Ikuzungulirabe, ndipo katundu wambiri wa m'sitolo amalipira VAT ya 16 peresenti, pamene mayunitsi a foni ali ndi msonkho wakewake pamwamba pake. N'zoona kuti boma silipeza zofanana ndendende ndi zimene likadapeza pa ndudu, koma silitayanso zonse.

Komanso si wosuta aliyense amene amalipira msonkhowo. Ambiri m'makomboni ndi m'midzi amasuta balani, fodya wa masamba wokulunga m'pepala la nyuzipepala, ndipo amayi ena amagwiritsa ntchito nsunko. Fodya wogulidwa pa mulu pamsika sadutsa pa kauntala ya wotolera msonkho, chimodzimodzinso ndudu zozembetsedwa m'malire. Koma chifuwa chikavuta, onsewa amakafola pa mzere umodzi kuchipatala cha boma.

Mzere umenewo ndikuudziwa. Malume anga anasuta zaka zoposa 30, ndipo m'miyezi yawo yomaliza tinkasinthana kugona pa benchi kunja kwa wodi, titanyamula phala mu fulasiki, tikumvetsera phokoso la mpweya wa m'botolo umene unkawathandiza kupuma. Ndinkawerengera mumtima: bedi, mpweya, zithunzi za m'chifuwa, nthawi ya madokotala ndi anamwino, kuwonjezera masiku amene azakhali anatseka malo awo ogulitsira tomato. Sindikhulupirira kuti msonkho wonse umene malume analipira pa ndudu m'moyo wawo ukanakwanira kulipira miyezi imeneyo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi mabungwe a United Nations a UNDP (loona za chitukuko) ndi WHO (loona za umoyo), wotuluka mu 2019, anapeza kuti fodya amapha anthu oposa 7,000 m'Zambia chaka chilichonse ndipo amawonongetsa chuma cha dziko pafupifupi K2.8 biliyoni pa chaka, gawo lalikulu likuchokera ku ntchito imene imaima munthu akadwala kapena akamwalira akadali ndi mphamvu. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital chimalandira odwala ochokera m'zigawo zonse za dziko, ndipo fodya amachulukitsanso chiopsezo cha TB, matenda a mtima ndi sitiroko.

Ndisabise mbali imene imavutitsa okonza bajeti. Msonkho umachepa chaka chomwecho chimene anthu asiya kusuta, pamene phindu la kuchepa kwa matenda limaoneka patapita zaka zambiri, mwina nduna ya zachuma itasintha kawiri. Ndiponso munthu wosiya kusuta amakhala moyo wautali, ndipo ukalamba nawo uli ndi matenda ake ofuna ndalama. Ena amagwiritsa ntchito mfundo imeneyi ponena kuti wosuta amapepukira boma chifukwa amafa msanga. Kunena zoona, kawerengedwe kotere n'koyenera woweta nkhuku, osati boma la anthu.

Mayiko ena anapeza njira yodutsira mpata umenewu. Fodya akakwera mtengo ndi 10 peresenti, kusuta kumatsika ndi pafupifupi 4 kapena 5 peresenti basi, kutanthauza kuti boma likakweza msonkho, osuta amachepa koma ndalama zotoleredwa zimakwera. South Africa inachita zimenezi kuyambira mu 1994, ndipo kwa zaka zambiri kusuta kunkatsika msonkho ukuchuluka. Dziko la Philippines linakhazikitsa lamulo mu 2012 lopereka gawo lalikulu la ndalama zowonjezereka za msonkho wa fodya ndi mowa ku inshuwalansi ya zaumoyo ya anthu osauka. WHO imalangiza kuti msonkho ufike 75 peresenti ya mtengo wa paketi, ndipo ife tikadali kutali ndi pamenepo. Za alimi a ku Chipata ndi Lundazi, amene dzina lawo limatchulidwa nthawi zonse nkhaniyi ikabuka, fodya wawo wambiri amagulitsidwa kunja, choncho msika wawo sudalira kantemba ka ku Matero.

Zambia inalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2008, chaka chomwecho chimene kunatuluka lamulo loletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri. Pempho langa kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo n'lakuti pokambirana bajeti ikubwerayi akweze msonkho wa ndudu, ndipo apatule gawo lodziwika bwino la ndalamazo kuti lithandize anthu ofuna kusiya kusuta m'makiliniki a m'makomboni. Malume anga, zaka ziwiri asanagonekedwe, anapita okha ku kiliniki ina kukapempha thandizo lotere. Anauzidwa kuti, “Ingosiyani, bambo,” ndipo wachipatalayo anaitana wotsatira pa mzere.

Ine wowerenga wanu,
Matero, Lusaka