Amalawi a ku England, lowani m'magulu a odwala pa GP

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale athu okhala ku England, makamaka anzanga ogwira ntchito yosamalira okalamba. Chipatala chilichonse cha dokotala wa m'dera, chomwe kuno timangoti GP, chimayenera kukhala ndi gulu la odwala lotchedwa Patient Participation Group. Kuyambira mu Epulo 2015 zimenezi zili mu mgwirizano wa madokotalawa ndi NHS, bungwe la boma loyendetsa zaumoyo kuno, choncho sikuti akutichitira chifundo ayi. Aliyense wolembetsa pachipatalapo angathe kulowa, ndipo salipira kanthu.

Ine ndinalowa la kuno ku Leeds. Anthu ake ndi aulemu ndithu, koma ambiri ndi opuma pantchito, ndipo misonkhano imachitika masana pomwe ife tili pa shifiti kapena tikugona titachokera ku naiti. Ndiye zokambidwa zimakhala za malo oimika galimoto ndi mipando ya pamalo odikirira. Sindikuwanena, akukamba zomwe zikuwawawa iwowo. Zathu akambe ndani?

Taonani nkhani yoimba foni 8 koloko m'mawa kuti upeze malo oonana ndi dokotala. Nthawi imeneyo wosamalira okalamba ali kalikiliki kusambitsa agogo, foni ili m'chikwama. Akamapeza mpata, malo atha. Nditafotokoza zimenezi pamsonkhano, ena anadabwa zenizeni, sankadziwa kuti alipo anthu oletsedwa kugwira foni pantchito. A manijala a chipatala analemba, ndipo tinakambirana zoti anthu aphunzitsidwe kupempha malo kudzera pa intaneti.

Nkhani ina ndi ya kulembetsa pa GP. Malangizo a NHS England amanena kuti munthu asakanidwe chifukwa choti alibe pasipoti, umboni wa adiresi kapena mapepala a imigireshoni. Komabe mlongo wina wa kutchalitchi kwathu anabwezedwa pa risepishoni, nangokhala kunyumba ndi BP yake. Womasulira nayenso ndi waulere, koma ndi angati a ife amadziwa?

Chenjezo lokha, musapite kumeneko ndi mlandu wanu wokha kapena kukafotokoza za matenda anu. Dandaulo la munthu mmodzi limapita kwa a manijala. Gululi limaona zokhudza onse, ndipo a CQC, omwe amayendera zipatala, nthawi zambiri amafuna kumva kwa mamembala ake.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Kumudzi tili ndi makomiti a pachipatala omwe amachitira umboni mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto. Bwanji tikafika kuno timangong'ung'udza pa WhatsApp?

Kafunseni pa risepishoni kuti akulembeni dzina. Mukalowa, choyamba kupempha chikhale choti misonkhano ina izichitika madzulo kapena pa intaneti, kuti a pa shifiti nafenso tizipezekapo.

Wowerenga wanu,
Leeds, England