Ndimapemphera ndithu koma mumtima muli gwaa, ndithandizeni

Zikomo Alangizi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi zomwe ndimakaoda ku msika waukulu wa Mbare Musika. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya nthawi ya Rhodesia osabwereranso, ifeyo tinabadwira konkuno.

Nkhani yanga si ya banja kapena ndalama ayi, olo kuti ndalamazo nazo zatizunguza mutu, 2008 tinaona makobidi akusanduka mapepala wamba, 2016 kunabwera ma bond note, 2024 ndalama yatsopano ya ZiG, chomwe wagwira lero mawa chasintha. Chikundisowetsa tulo nchoti sindikudziwanso kuti Mulungu anandiikiranji pa dziko pano.

Ndinakulira mu CCAP, Sande sukulu, kalasi, mpaka kulowa chigwirizano cha amayi. Kale tchalitchi chathu chimadzaza, tikayamba nyimbo ya Chichewa agogo aja misozi mbwembwembwe, umachita kumva kuti pano mpathu. Pano akuluakuluwo akutha mmodzimmodzi, achinyamata ambiri ali ku Johannesburg, otsalawo anathamangira kwa aneneri. Mwana wanga wamkazi sikucha osanditumizira vidiyo pa WhatsApp, ati amayi bwerani mudzafese mbewu mulandire mafuta zinthu zikuyendereni. Ndinamuperekezapo, anthu ake ndi abwinobwino sindikuwanyoza, koma mapemphero onse anali a galimoto, nyumba ndi viza basi, ndinabwerako mtima uli chimodzimodzi. Anzanga pamsika akuti tiye ku masowe, komwe a mipingo ya apostoli amapempherera kutchire, ukavale zoyera. Amalume, omwe ndi a gule wamkulu, akuti vuto nloti tinataya makolo, manda a ku Dedza sitinawaonepo nkomwe, ndipo mawu amenewa amandipweteka kwambiri chifukwa nzoona sindinapondeko.

Ine chozizwitsa sindikuchifuna. Ndikufuna ndikadzuka mbandakucha kukakwera kombi, minibasi zathu zakuno, ndizidziwa kuti moyo wangawu uli ndi ntchito pamaso pa Chauta, osati kungosaka ya lendi ndi fizi mpaka tsiku lodzandiika m'manda.

Ndiye ndiuzeni, kuuma kwa mumtimaku ndi tchimo kapena kumachitikira aliyense? Ndikhalebe mu mpingo wa makolo anga olo mabenchi akupita natsala opanda anthu? Nanga abusa ndikawayambe bwanji nkhaniyi osaoneka ngati ndabwerera m'mbuyo, poti amayi anzanga amandiona ngati wolimba ndipo ena amabwera kwa ine kuti ndiwapempherere?

Ine wanu wosowa mtendere,
Mufakose, Harare