Kukayikira kokha sikukwanira kuyambitsa nkhondo

Akonzi,

Mtima umandiwawabe ndikakumbukira mmene America ndi Britain anathirira nkhondo dziko la Iraq mu March 2003, ponena kuti mtsogoleri wa dzikolo, Saddam Hussein, akubisa zida zopha anthu miyandamiyanda nthawi imodzi. Pa 5 February chaka chomwecho, a Colin Powell, omwe anali nduna ya America yoona za ubale ndi mayiko ena, anaonetsa kabotolo kakang'ono ku bungwe la United Nations monga chitsanzo cha zidazo pofuna kukopa mayiko, pomwe gulu la a Hans Blix, limene bungweli linalituma kukafufuza ku Iraq, linali lisanapeze zidazo ndipo linkafuna miyezi ingapo yokha kuti limalize ntchito. America ndi Britain sanalidikire. Pomwe ofufuza a America eniakewo ankavomereza mu 2004 kuti nkhokwe za zidazo kunalibe, n'kuti amayi a ku Baghdad, likulu la Iraq, ataika kale ana awo m'manda.

Ine wanu,
Muwerengi wokhudzidwa