Za maselo a nkhumba ndi matenda a shuga: tifotokozereni zonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp kuno ku Zomba, woti mankhwala a shuga apezeka m'nkhumba. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 ali ndi shuga uja wobaya insulini tsiku ndi tsiku. Magetsi akathima kuno ku Chinamwali, kabotolo kake timakasunga mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Ndiye mayi ake atamva uthengawo anandifunsa maso ali gwa: "Bambo ake, ndiye kuti majakisoni atha?" Yankho langa linali lakuti ayi.

Nkhumba si mlendo pa matendawa. Insulini itatulukiridwa ku Toronto mu 1921, odwala ankabaya ya nkhumba ndi ya ng'ombe kwa zaka zambirimbiri. Chimene akatswiri akuyesa tsopano ndi kutenga timagulu ta maselo (tizigawo ting'onoting'ono ta thupi) opanga insulini m'kapamba wa nkhumba n'kutiika m'thupi la munthu. Ku Sweden, Carl-Gustav Groth ndi anzake analengeza mu 1994 kuti anayesa izi pa odwala 10, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anasiya jakisoni.

Pamene pagona nkhani ndi pa asilikali a m'thupi. Maselo a nkhumba ali ndi chizindikiro chotchedwa alpha-gal chimene ife tilibe, ndipo magazi athu amakhala atachikonzekera kale. Akatswiri anaweta nkhumba zopanda chizindikirochi, koma thupi limamununkhizabe mlendoyo. Chotsala ndi mankhwala ofooketsa chitetezo, monga tacrolimus, akumwa moyo wonse. Ngakhale ku Edmonton, m'dziko la Canada, mu 2000, kumene odwala 7 anasiya insulini atalandira maselo a anthu anzawo, mankhwalawa sanawathawe, ndipo ambiri amene anathandizidwa mwa njirayo anabwerera ku jakisoni zisanathe zaka zisanu.

Apa ndi pamene ine monga kholo mtima umandigunda. Kufooketsa chitetezo ku Canada ndi kwina, kuno ndi kwina. Mwana wanga amakwera minibasi yothinana, mawindo otseka, wina akutsokomola kumbuyo kwake. TB tili nayo, malungo tili nawo, mvula ikagwa kolera. Tacrolimus yemweyo amawononga impso, zimene shuga amakhala atazitopetsa kale, pomwe makina otsuka magazi timawatsatira ku Blantyre. Sindingasinthanitse jakisoni ndi zimenezo.

Njira imene ikundipatsa chidwi ndi yokuta maselowo m'timipira topangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja. Maselowo amagona ngati munthu muneti: shuga amalowa, insulini imatuluka, koma asilikali amangozungulira kunja ngati udzudzu. Ku New Zealand ndi ku Argentina anayesa popanda mankhwala ofooketsa aja. Odwala sanasiye kubaya. Thupi limamanga chipsera mozungulira kampirako, mpweya sufika, maselo n'kufa pang'onopang'ono. Komabe ngati pali njira imene ingadzatithandize ife, ndikuona kuti ndi imeneyi.

Zoti tizikakwera nayo nkhumba ya m'khola kupita kuchipatala, monga anasekera mnzanga wina pamsika wa Mpondabwino, iwalani. Nkhumba zimene akatswiri amagwiritsa ntchito amaziweta motsekera kuopa tizilombo, komabe mu mtima wa nkhumba umene wodwala wina, David Bennett, anaikidwa ku Maryland, m'dziko la America, mu 2022 munapezeka kachilombo ka nkhumba. Ndiponso abale athu Asilamu a ku Songani ndi Domasi, pamodzi ndi a Seventh Day, adzafuna kumva kwa atsogoleri awo ngati chosadyedwa chingalowe m'thupi monga mankhwala.

Pempho langa, Akonzi, ndi lakuti mupeze dokotala wa kuno kwathu afotokoze nkhaniyi m'Chichewa patsamba lanu. Pamzere wa kiliniki ya shuga mwezi watha ndinamva mayi wina akunena kuti achepetsa jakisoni wa mwana wake kuti botolo lifike pamene "mankhwala a nkhumba" adzabwere.

Kholo lodandaula,
Chinamwali, Zomba