Kalata yochokera ku Dedza: za atsikana anga othamanga

Wokondedwa Nangozo,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Leeds. Kuno tilipo, kungoti chisanu chafika ndi ukali wake wonse. Ukuidziwa Dedza mu Juni: nkhungu imakuta phiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo ana amalowa m'kalasi milomo itachita kuuma. Amayi akupezako bwino, mwendo uja unasiya kutupa, moti ayambanso kupita kudimba.

Unandifunsa za chithunzi chija ndinaika pa WhatsApp, ndili ndi wezulo m'khosi pakati pa atsikana ovala makabudula. Nkhani yake siyokamba pafoni mayunitsi akutha, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino.

Aphunzitsi amene ankayang'anira masewera atasamutsidwa, a hedi anandipatsa ine atsikana othamanga, poti anamva kuti iwe ndi ine tinkathamanga tili kusekondale. Pasukulu pano mpira wa miyendo uli ndi eni ake, wa manja nawonso uli ndi eni ake, koma liwiro linali la tsiku limodzi pachaka. Amangosonkhanitsa ana, kuwathamangitsa, amene wapambana n'kumukweza lole kupita kumpikisano wa zoni osakonzekera n'komwe. Ine ndinati ayi, ngati ndi timu ikhale timu, tizikumana chaka chonse.

Poyamba panalibe ndi pothamangira pomwe. Bwalo lovomerezeka la mamita 400 limafuna malo aakulu kuposa bwalo lathu la mpira, chifukwa mbali zowongoka ziwiri zija iliyonse ndi mamita 84 ndi kanthu, ndipo zokhota zake zimazungulira mamita 36.5 kuchokera pakati. Ndi aphunzitsi a masamu tinakhoma zikhomo, kumanga chingwe, n'kujambula lathu la mamita 300. Mizere timathira laimu, akasowa timathira phulusa lakukhitchini. Tsiku loyamba makolo kudzaonerera panabuka phokoso, ati tikukondera, mwana wa mumzere wakunja wayambira kutsogolo. Anachita kubwera ana a Fomu 3 ndi chingwe chomwe chija kuwaonetsa kuti wakunja amazungulira mtunda wautali, moti pabwalo lenileni mzere uliwonse umawonjezera mamita 7 ndi kanthu ukalizungulira kamodzi. Aphunzitsi a masamu akuti chiyambire ntchito sanaonepo ana akumvetsa phunziro limenelo msanga chotero.

Koma chimene chandigwira mtima, mnzanga, si bwalo. Kuphunzitsa mtsikana kuthamanga n'kosavuta. Ana athu amayenda mitunda kubwera kusukulu, amakwera zitunda ndi ndowa pamutu, ndipo kuno n'kumtunda, mapapo awo anazolowera. Ntchito yeniyeni ndi kumusunga kuti asasiye akafika Fomu 2 kapena Fomu 3.

Ka Fomu 1 kamabwera kopepuka, miyendo yokhayokha, kuuluka osadziwa kutopa. Pakatha chaka thupi limayamba kusintha. Chiuno chimakula, mabere amatuluka, mafuta amawonjezeka monga thupi la mkazi liyenera kukhalira, wayambanso kusamba mwezi ndi mwezi. Kwa anyamata msinkhu womwewo umawapatsa minofu ndi magazi ochuluka, liwiro limangobwera lokha ngakhale akhale aulesi. Kwa mtsikana liwiro limaima, mwinanso kubwerera m'mbuyo chaka chathunthu kapena kuposerapo, pamene thupi likuphunzira kunyamula msinkhu wake watsopano. Ndiye taganiza, mtsikana amene chaka chatha ankapambana aliyense, lero wapitiriridwa ndi kamwana kongobwera kumene, anyamata ali m'mbali mwa bwalo kukuwa kuti watha ameneyo, wayamba zibwenzi. Mawa lake sabweranso. Ukamufunsa amati akufuna alimbikire JCE. Iwe ndi ine tinaona anzathu angati akusiya chonchi? Tinkangoti atopa nazo, ndipo panalibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe wotiuza kuti zimenezi n'zakanthawi.

Ndiye ine ndimawauziratu. Sabata yoyamba ndimawakhazika pansi pa mtengo, popanda mwamuna aliyense pafupi, n'kuwafotokozera monga ndimaphunzitsira Biology, kuti idzafika nthawi mudzachedwa, ndipo si ulesi, si matenda, si kulodzedwa. Amene wafika pamsinkhu umenewo ndimasiya kumuwerengera nthawi pagulu. Timalimbitsa miyendo ndi chiuno, kukwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu, kudumpha chingwe, kunyonyomala ndi kudzuka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawu amenewa ndimadziuza ndekha kuposa mmene ndimawauzira iwo, chifukwa mpikisano ukayandikira mtima umafuna kungotenga tiana topepuka tija n'kusiya akuluwo. Aphunzitsi ambiri amatero, ndipo n'chifukwa chake matimu a atsikana amayambanso pachiyambi chaka chilichonse.

Pali tizinthu tina timene mphunzitsi wamwamuna sangationere msanga. Ndinaona atsikana angapo akuthamanga dzanja limodzi lili pachifuwa, ena atawerama ngati akufuna ndalama pansi. Vuto linali kamisolo. Yawamba siigwira, mabere amapweteka, ndiye pali maso a anthu. Ena amavala awiri, ena amadzimanga kansalu mpaka kubanika. Pakaunjika yamasewera imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo mtengo wake kholo la kumudzi silingauone ngati chinthu chofunika. Za mapadi amayi a Mother Group atithandiza, amasoka ochapa. Lamulo langa n'lakuti amene ali kumwezi abwerebe kubwalo. Ngati m'mimba mukupweteka agwire wotchi kapena ayende pang'onopang'ono, koma asakhale kunyumba, poti kujomba kumayamba choncho.

Chakudya ndiye nkhani yowawa. Teremu yachiwiri imagwa m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, ndipo ambiri amabwera osadya kanthu, kuweruka madzulo m'mimba muli mbee. Mwana wotere sungamuthamangitse mamita 800 mobwerezabwereza, ndi nkhanza. Nthawi imeneyo timachita zopepuka, zolemetsa timasungira pambuyo pokolola, mbatata ndi mtedza zikachuluka. Ndimawayang'ananso m'zikope ndi m'manja. Mtsikana wosamba amataya magazi mwezi uliwonse, ndipo akayamba kupuma mwawefuwefu pamtunda umene kale sunkamuvuta, m'maso mwayera, ndimamutumiza kuchipatala akamuyeze magazi ndisanamunene kuti ndi waulesi. Ndimawauza za nyemba, bonongwe, usipa, chiwindi chikapezeka, ndi kuti gwafa kapena malambe zimathandiza thupi kutenga ayironi m'zakudya zimenezi, pamene tiyi womwera pachakudya amatsekereza. China chimene ndimaopa ndi mtsikana amene wasiya kusamba chifukwa chothamanga kwambiri akudya mosakwanira. Thupi limakhala likudandaula, mafupa amafooka. Kuno zikatero aliyense amangoganiza za mimba, mwanayo n'kubisa chifukwa cha mantha. Ndinawapempha kuti zotere azindiuza ine poyamba.

Makolo ndimawayendera ndekha panjinga Loweruka. Ambiri sakana masewerawo, amangofunsa kuti madzi atunga ndani, nanga akafika kwada ndani amuperekeza pamsewu. Mafunso amenewa ndi oona, ndipo n'chifukwa chake timamaliza dzuwa likadalipo, ndipo atsikana a mudzi umodzi amapita limodzi. Paulendo uliwonse wa mpikisano ndimakhalapo ine ndi mayi mmodzi wa Mother Group, ndipo palibe mtsikana amatsala yekha ndi mwamuna, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi dalaivala. Pamenepa sindinyengerera munthu.

Agogo ena anandilandira bwino, kundiyalira mphasa, kenako n'kundiuza kuti mdzukulu wawo sangamaonetse ntchafu pagulu, komanso kuti kuthamanga kumaumitsa mkazi, sadzabereka. Sindinawaseke. Anthu amenewa anakula nthawi imene lamulo la 1973 linkaletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yaifupi, ndipo linachoka iwo ali kale ndi ana. Za kavalidwe tinagwirizana kuti mwanayo azivala chothina chofika m'mawondo mkati mwa kabudula, ndi chitenje popita ndi pobwera. Za kuberekazo ndinawaonetsa pafoni Faith Kipyegon wa ku Kenya, amene ankathamanga wopanda nsapato ali mtsikana, anatenga golide wa mamita 1500 ku Rio mu 2016, anabereka mwana wamkazi mu 2018, n'kubwerera kukatenganso golide ku Tokyo ndi ku Paris. Agogowo anayang'anitsitsa chithunzicho, n'kufunsa kuti mwanayo ndi wakedi? Lolemba mdzukulu uja anabwera kubwalo.

Si onse ndawasunga. Mmodzi wa Fomu 2, amene mwendo wake pa mamita 400 sindinauonepo pamwana wina aliyense pano, anatenga mimba patchuthi cha Disembala. Kwawo anafuna kumulowetsa m'banja. Tinalimbana nazo ndi a hedi ndi amfumu, poti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo m'boma lino anthu akudziwa zimene Inkosi Theresa Kachindamoto anachita pothetsa maukwati a ana. Ukwatiwo unalephereka, ndipo malo ake m'kalasi alipo akadzachira, monga ndondomeko ya unduna imalolera. Ndimakamuona. Za kubwalo sindinamuuze kanthu, nthawi yake sinakwane, koma dzina lake sindinalifute m'kaundula wa timu.

Ukudziwa chimene chimandipweteka? Atsikanawa amamudziwa Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, amamudziwa Mwai Kumwenda, ndipo n'zoyenera. Koma nditafunsa za Catherine Chikwakwa panalibe anakweza dzanja. Mtsikana wa kuno kwathu amene anathamanga pa Olimpiki ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 15, n'kudzatenga siliva wa mamita 5000 pampikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, ku Italy, mu 2004! Asimenye Simwaka yekha ndiye ena anamumvapo pawailesi. Ndinawaonetsa kanema wa ku Birmingham mu 2022, pamene anafika mu fainolo ya mamita 400 pa masewera a Commonwealth n'kumaliza m'masekondi osakwana 52. Tsiku limenelo anandikakamiza kuti tiyeze mamita 400 pabwalo lathu, aone pamene iwo amakhala ali masekondi 52 akamakwana. Wothamanga kwambiri mwa iwo anali asanatuluke n'komwe pokhota pomaliza. Ndinkaopa kuti agwa ulesi, koma m'malo mwake anayamba kufunsa kuti iyeyo amadya chiyani, amayeserera kangati pasabata.

Chimene chasunga akuluakulu aja ndi mpikisano wopatsirana kamtengo. Timitengo tathu tinadula kupaipi ya pulasitiki, masentimita 30 kalikonse. Pa 4 x 100 malo opatsirana ndi mamita 30, ndipo luso lonse lagona pakuti wolandira anyamuke pa nthawi yake, asacheuke, dzanja aliponye kumbuyo akamva mawu a mnzake, kamtengo kadutse onse awiri ali paliwiro. Zimenezi sizifuna thupi lopepuka. Zimafuna mutu wodekha ndi anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali, ndipo apa a Fomu 3 amawaposa ana aja kutalitali. Kumpikisano wa zoni mwezi wathawu tinakumana ndi sukulu ina ya atsikana othamanga kuposa athu mmodzimmodzi, ovala nsapato za misomali. Iwo popatsirana ankachita kuima. Athu, opanda nsapato, kamtengo kanangoyenda osaoneka pamene kasinthira dzanja. Amene anathamanga gawo lachiwiri, lowongoka lija, ndi mtsikana amene chaka chatha anandiuza akulira kuti thupi lake lamuukira ndipo sadzapondanso pabwalo. Chithunzi unachiona chija tinajambula atangomaliza, ndipo iyeyo ndi wamtali waima kumanja kwanga.

Maloto anga tsopano ndi kuwatengera ku Lilongwe, akaponde bwalo la Bingu National Stadium, pamene panachitikira masewera a achinyamata a mayiko a kumwera kwa Africa, otchedwa Region 5, mu Disembala 2022. Si patali, ndi ulendo wa maola awiri osakwana, koma ambiri mwa iwo sanafikeko. Ndikufuna amve mmene mphira uja umakankhira phazi. A komiti ya makolo alonjeza mafuta a galimoto tikagulitsa mbatata za m'munda wa sukulu.

Unati ukufuna kuthandiza, ndiye ndikuuze mosabisa. Nsapato zisakuvutitse, pabwalo ladothi amathamanga bwino opanda, ndipo zimadya malo m'chikwama. Ngati anzako a kutchalitchi angasonkhe, atipezere makamisolo amasewera, a misinkhu yosiyanasiyana, ngakhale ovalidwapo kale bola lamba wake akadali wolimba. Uwonjezerepo wotchi yowerengera nthawi imodzi yokhoza kusunga nthawi za anthu angapo, poti foni yanga imazima pakati pa ntchito, ndi tepi yoyezera ya mamita 50. Achimwene ako akamabwera mu Ogasiti akhoza kutenga, ine ndikawachingamira ku Lilongwe.

Undiuzenso za mwana wako wamkazi. Unati wayamba kuthamanga kusukulu kwawo, ndipo ndikawerenga zaka ndiye kuti akwanitsa 13 chaka chino. Uyambe kucheza naye zimene ndalembazi nthawi isanafike. Upereke moni kwa alamu, ndipo amayi akuti uwatumizire chithunzi cha ana, chija anali nacho chinanyowa ndi mvula.

Ndine mnzako,
Nachisale