Munatifikitsa ku Bingu mpira uli pa theka: dandaulo kwa eni basi ya ochemerera

Akuluakulu, ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa foni ya ku ofesi kwanu ndakhala ndikuimba kuyambira Lolemba, ikungoitana. Uthenga wa pa WhatsApp munauwerenga, koma mpaka lero zii.

Munalengeza nokha kuti mwakonza basi yapadera ya ochemerera Flames, yonyamuka ku Blantyre 5 koloko m'mawa Loweruka, kukatitula ku Bingu Stadium n'kutibweza tsiku lomwelo. Munalembanso kuti basiyo siima m'njira kutola anthu. Mawu amenewo ndiwo anandikopa. Ndinalipira mipando iwiri pa foni, wanga ndi wa mwana wanga wamwamuna wa zaka 11, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalama munalandira ndikadali nawo.

Mwanayu anayamba kukonda Flames usiku uja wa mu January 2022, pomwe Gabadinho Mhango anaponya mpira kuchokera kutali zedi n'kugoletsa Morocco ku Cameroon. Tinagonja 2-1, koma iye anagona akuimba. Chiyambireni anali asanaionepo timuyi ndi maso. Ine pa msinkhu wake ndinkangonyamuka ku Ndirande wapansi ndi anzanga mpaka ku Chichiri, kukakhala padzuwa mu Kamuzu Stadium kuyambira m'mawa. Lero bwalo limenelo bungwe la mpira mu Africa la CAF sililola masewero a mayiko, ndiye mwana wa ku Blantyre wofuna kuona timu ya dziko lake ayenera kuyenda makilomita oposa 300 pa M1. Ndinasunga ndalama miyezi iwiri kuti ulendo umenewu utheke.

Tinafika pamalo pomwe munatiuza hafu pasiti 4, kunja kukadali mdima. Anthu analipo kale, ena atafunda mbendera chifukwa cha chisanu. Basi inatulukira 7 koloko itadutsa. Palibe anapepesa. Titakwera, dalaivala anakhotera ku filing'i siteshoni kukaima pa mzere wa dizilo, ife tili momwemo. Vuto la mafuta m'dziko muno tonse tikulidziwa, ndipo sindikukuimbani mlandu kuti dizilo akusowa. Koma tsiku la masewerowa munalidziwa kale, ndalama zathu munatolera sabata yathunthu isanakwane. Basi ya ulendo wotere imagona itamwa mafuta. Mu Blantyre tinatulukamo cha m'ma hafu 9.

Ngakhale pamenepo mtima unali m'malo, chifukwa basi yoyenda bwino imatenga maola anayi kapena asanu, ndipo mpira umayamba 3 koloko. Chomwe chinatipha ndi matola. Pa Lunzu kondakitala anatsegula chitseko n'kuyamba kuitanira. Pa Zalewa chimodzimodzi. Tisanafike pa tolgeti ya Chingeni mpata wapakati unali utadzaza anthu oimirira, ena ndi katundu wa pa msika, ndipo mwana wanga anamupempha kuti anyamule chikwama cha munthu wosamudziwa pamiyendo. Titadandaula, kondakitala anayankha kuti amene akuthamanga atsike akakwere ndege. Bambo wina wachikulire yemwe anakhala kutsogolo kwathu anamufunsa mwaulemu kuti kodi mawu otere angawanene kwa bambo ake omubereka, iye anangotembenuka.

Pa Lizulu ndi pomwe ndinataya chiyembekezo. Basi inaima mphindi zoposa 40 anyamata anu akukweza matumba a kachewere ndi kabichi m'buti. Sanali katundu wa wokwera aliyense. Anali malonda awo, ndipo tinawaona akutsitsana mtengo ndi ogulitsa osapupuluma n'komwe, ife tikuyang'ana mawotchi.

Pomwe tinaima pamenepo m'basi munabuka mtsutso womwe mwina mungaphunzirepo kanthu, chifukwa amene amatsutsanawo ndi makasitomala anu. Mnyamata wina wovala jezi ya Maule anati zonsezi zikuchitika chifukwa Kamuzu Stadium inasiyidwa kuti ikalambe. Akanaikonza n'kuikuza, bwenzi tikuonera mpira kwathu. Wina wa Manoma anati kukonza bwalo la m'nthawi ya atsamunda, lomwe kale linkatchedwa Rangeley, n'kutaya ndalama, bola amalize mabwalo awiri a Bullets ndi Wanderers omwe analonjezedwa mu 2019. Mayi wina wa ku Chilomoni anawadula onse awiri. Anati mukulira mabwalo akuluakulu, nanga Bingu yomwe imalowa anthu oposa 40,000, yomangidwa ndi ngongole ya ku China n'kutsegulidwa mu 2017, pa masewero ambiri a ligi si imakhala mipando yokhayokha? Anati Amalawi timakonda mpira pakamwa ndi pa Facebook basi.

Ndinakhala chete nthawi imeneyo, koma mawu a mayiwo andikhala mumtima sabata yonse, ndipo yankho langa ndikulipereka kwa inu. Munthu akamaonera pa TV n'kuona mipando yopanda anthu, sadziwa kuti eni ake ena ali pa Lizulu kudikira kachewere. Mipando iwiri ya ine ndi mwana wanga theka lonse loyamba inali yopanda munthu, chonsecho matikiti ali m'thumba mwanga. M'basi munali ochemerera ambiri, onse atagula matikiti. Ndipo amene wazunzika chonchi kamodzi, ulendo wina amakhala pakhomo n'kutsegula wailesi, ndiye amawerengedwa m'gulu la osakonda mpira. Ine ndili kumbali ya ofuna kuti Blantyre ikhale ndi bwalo lovomerezeka, ndipo sindibisa. Koma ngakhale litamangidwa mawa, wa ku Mzuzu, wa ku Mangochi ndi wa ku Mchinji adzafunabe basi yosunga nthawi. Bwalo likule chotani, limadzaza ndi anthu amene afika.

Nyimbo ya fuko tinaimvera pa wailesi ya m'foni ya munthu wina, tili cha ku Linthipe. Mwana wanga anavula chipewa, anaima m'kampata kochepa pakati pa mpando ndi chikwama chija, n'kuimba nawo motsitsa. Zimenezo sindidzaiwala, ndipo sindikufuna kuti inunso muziiwale.

Titalowa mu Lilongwe dalaivala anati sangafike pafupi ndi bwalo chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto, anatitsitsa patali. Ena anakwera kabaza wa njinga yamoto, awiriawiri, opanda zipewa. Ine ndinakana kukweza mwana motero, tinathamanga wapansi. Pa geti tinapeza khamu la ochedwa ngati ife, aliyense akufuna kulowa nthawi imodzi chifukwa phokoso la m'kati limamveka. Apa ndi pomwe nkhani yanu ikusiya kukhala ya nthawi chabe. Pa 6 July 2017, pa zipata za bwalo lomweli, anthu 8 anafa pokankhana, ambiri mwa iwo ana, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino pomwe kumayembekezeka masewero a Bullets ndi Silver Strikers. Kholo lililonse lokonda mpira limakumbukira tsiku limenelo. Ndinasankha basi ya 5 koloko dala, kuti tikalowe mageti akadali opepuka, tikakhale pansi, mwana adye chipisi chake modekha. Inu munanditengera pamalo penipeni pomwe ndinkathawa. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anandiuza kuti ndikumupweteka, ndipo ndinasankha kuima pambali kudikira kuti khamu lichepe. Tinakhala pa mipando yathu theka lachiwiri litayamba kale.

Pobwerera ndiye munaonjeza. Munatiuza kuti basi idikira pomwe inatitsitsa kwa ola limodzi mpira ukatha. Tinafikapo, palibe. Titaimbira kondakitala kangapo, anati basi ili ku depoti, tiipeze komweko. Kuchoka ku Area 48 kufika ku depoti madzulo a tsiku la mpira, minibasi zitadzaza ndipo mitengo itakwera, ndi ndalama ina yomwe sitinaiwerengere. Titafika tinapeza mipando yathu ina mwagulitsa kale kwa anthu ena opita ku Ntcheu ndi ku Balaka. Panali kukangana kuti tikhale. Basi inanyamuka osawerenga anthu, osaitana mayina, ngakhale mndandanda wa olipira munali nawo. Anyamata awiri omwe tinachoka nawo ku Blantyre, a msinkhu wa sekondale, anatsala. Tinakuwa kuti adikiridwe, dalaivala anati nthawi yatha. Nthawi yomwe m'mawa inalibe ntchito. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, akuluakulu; akanakhala anu anyamata amenewo, basiyo ikanaima.

Mu Blantyre tinalowa 1 koloko ya usiku itadutsa, ndipo munatitsitsa m'tauni minibasi za ku Ndirande zitasiya kalekale. Ndinachita kudzutsa mlamu wanga kuti adzatitenge.

Ndikupempha kuti mubweze ndalama zathu, osati zanga zokha koma za aliyense amene analipira basi yosaima m'njira n'kupatsidwa ya matola. Manambala athu muli nawo, ndi omwe tinalipirira aja. Ndikufunanso mutiuze ngati zomwe anachita dalaivala ndi kondakitala ndi zomwe munawatuma, kapena ngati simukuzidziwa. Ngati simukuzidziwa, funsani kuti ndalama za okwera a pa Lunzu ndi pa Zalewa zinalowa m'thumba la ndani. Ndipo ngati mudzakonzanso ulendo wina wa ochemerera, basi igone ndi mafuta, pakhale munthu wa ku ofesi woyenda nafe amene ali ndi mndandanda, ndipo malo odikirira pobwerera alembedwe pa tikiti kuti asasinthidwe pa foni.

Musandiuze kuti tikambirane ku inbox. Munalengeza poyera, yankhani poyera, kuti onse amene tinali m'basi ija awerenge. Mmodzi mwa anyamata otsala aja tinapatsana nambala m'mawa pa mzere wa dizilo. Ndinamuimbira Lamulungu. Anagona pa depoti, n'kubwerera ndi ndalama zomwe mayi ake anachita kukongola kuti amutumizire. Muyambe ndi iyeyo.