Za boti lamatabwa lija ndi doko loliikapo

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira, ndipo zithunzi zija za boti lamatabwa limene mukufuna kugula ndaziyang'ana kambirimbiri. Ife kuno tili bwino, kaya inu ndi alamu ndi ana kumeneko? Ndaona kuti mtima wanu wagwera kale pa botilo, ndiye sindikuletsani. Ndi Folkboat yeniyeni, ya matabwa osanjikizana m'mphepete, okhomedwa ndi misomali ya kopa, mtundu umene anayamba kukhoma ku Sweden mu 1942. Ndi laling'ono, silifika mamita 8, koma pamafunde limakhazikika chifukwa cha chitsulo cholemera chimene chili pansi pake, kumsana kwa botilo. Musanapereke ndalama, mmisiri alione lili pamtunda. Agogode thabwa lililonse ndi kahamala, aone nthiti, aonenso mabawuti ogwira chitsulo chija. Thabwa lamoyo limalira bwino, lowola limangoti phu.

Koma chimene mwandifunsa kwenikweni ndi marina, doko losungirako botilo, ndipo apa ndilankhula zimene zinandionekera ndekha.

Nditagula langa, ndinasankha doko ndi maso. Linali lokongola, milatho yoyandama yatsopano, magetsi paliponse, alonda usana ndi usiku. Kungoti linali kutali, ulendo wa maola atatu, ndiye ndinkapitako kamodzi pamwezi, mwezi wina osapita n'komwe. Maboti oyandikana nalo onse anali a fiberglass, yonga pulasitiki wolimba, amene munthu akhoza kuwasiya miyezi osawaona. Tsiku lina nditatsegula kachitseko kolowera m'kati, ndinalandiridwa ndi fungo la chuku. Madzi a mvula ankalowera pa kamng'alu ka m'tsinde mwa mlongoti, dontho ndi dontho, n'kumakaima pa mtanda wa pansi pa denga. Nditabayapo ndi sikuludiraiva, inangolowa ngati m'dothi lonyowa. Ndinakhala pansi pomwepo, mtima ukuwawa, chifukwa mtanda umenewo unali utakhala zaka zambiri ine ndisanabadwe, ndipo unawolera m'manja mwanga.

Mmisiri amene anadzaukonza ndiye ananditsegula maso. Madzi amene boti layandamapo si amene amaliwoletsa kwambiri. Mdani ndi mvula yoima pamalo opanda mpweya, pakuti chinyezi cha m'thabwa chikapitirira 20 peresenti, kuwola kumapeza poyambira. Ndiye mukapeza malo okhala ndi denga, atengeni ngakhale atakwera mtengo. Vanishi wanunso adzapumako ku dzuwa, limene limamusuwa msanga. Malo otere akasowa, phimbani botilo ndi lona koma musamange ndi, siyani kutsogolo ndi kumbuyo kuti mphepo izidutsa. Madzi amchere ali ndi vuto lawolawo, kachilombo kooneka ngati nyongolotsi kotchedwa teredo, kamene kamaboola thabwa m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Penti wa pansi pa boti asamakhale ndi pogumuka.

Mukapita kukaona doko, musayambire ku ofesi. Yendani kaye pamlatho muwerenge maboti amatabwa amene alipo. Mukapeza anayi kapena asanu osamalika, dziwani kuti pali anthu odziwa. Funsani eni akewo kuti akafuna kusintha thabwa amaitana ndani, komanso ngati malamulo a pamalopo amalola munthu kupala ndi kupaka vanishi boti lili pamadzi. Madoko ena salola, ena safuna n'komwe maboti akale amatabwa, ndipo ambiri amafuna mapepala a inshuwalansi. Zimenezi mufunsiretu musanasaine chilichonse.

Onaninso m'mene amatulutsira maboti m'madzi. Makina onyamula ndi malamba amafinya boti m'nthiti, ndipo woyendetsa wozolowera fiberglass akaika lamba polakwika, nthiti yakale imathyoka inu osamva. Ngati pali ngolo yokokera boti kumtunda litakhalira msana wake, imeneyo ndiyo yabwino. Likatuluka lisachedwe padzuwa ndi pamphepo. Matabwa akauma amafota, mipata imatseguka, ndipo tsiku lolibwezera m'madzi limamwa madzi ngati dengu mpaka matabwawo atafufumanso. Doko lodziwa ntchito limalisiya boti m'malamba kwa maola angapo, mwina usiku wonse, pampu ili pafupi. Losadziwa limakufulumizitsani chifukwa pali wina pamzere.

Za magetsi ndingokhudzako. Pamene maboti ambiri alumikiza mawaya kumtunda, magetsi osochera amayenda m'madzi n'kumadya zitsulo za pansi. Ena pothawa zimenezi amamangirira pansi pa boti zinki wambiri, chitsulo chimene chimadyeka m'malo mwa zinazo, osadziwa kuti zinkiyo akachuluka amafewetsa thabwa lozungulira mabawuti. Mukadzaona zoyerayera ngati ufa pamenepo, itanani wodziwa. Ine langa sindilisiya lolumikizidwa pamene ndachoka, batire la pampu limadzazidwa ndi kasola kakang'ono.

Pano ndinasamukira pa doko laling'ono, la milatho yakale, koma mphindi 20 ndafika. Lili kuseri kwa mphepo, mafunde a maboti othamanga safikako kudzaligunditsa kumlatho. Chachikulu n'chakuti pali bambo wina wachikulire wogwira ntchito pamenepo, amene m'mawa uliwonse amayenda mlatho wonse manja ali kumbuyo. Iye amadziwa pamene madzi amalekezera pa boti lililonse. Tsiku lina anandiimbira kuti langa lamira ndi zala ziwiri kuposa dzulo lake. Nditathamangira ndinapeza tizipalo ta matabwa tatseka pampu. Ndinakapa madziwo ndi ndowa, pofika masana zonse zinali bwino. Kudoko loyamba lija palibe akanaona.

Ine ndimapitako kawiri pa sabata, ngakhale ndisakweze thanga. Ndimatsegula zitseko, kunyamula matabwa a pansi, kununkhiza, kugwira apa ndi apo, kenako n'kukhala kumbuyo kumamvera madzi akunyambita matabwa. Phokoso limenelo pa Folkboat yanu lidzamveka bwino koposa chifukwa cha kusanjikizana kuja.

Ndiye pa madoko awiri amene mwatchula, ine ndikanatenga lapafupi ndi kwanu lija, ngakhale mwati ndi losaoneka bwino. Koma kaoneni kaye tsiku la mphepo, osati labata. Mudzanditumizirenso zithunzi za pansi pa matabwa opondapo ndi za m'tsinde mwa mlongoti, chifukwa pa zimene mwatumizazi sipakuoneka. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wakale uja.